Galu ndi mphaka pa nyumba ya malonda

Achimwene, mwafunsa ngati mulole walendi wanu pa Mchinji boma kuti azisunga galu ndi mphaka pa shopu. Nyama ziwirizi musaziike m'thumba limodzi.

Mphaka muloleni. Pomwe pali matumba a mtedza ndi soya makoswe sasowa. Kungoti walendiyo asamathirenso temiki m'makona, chifukwa mphaka akadya khoswe wapoizoni nayenso amafa. Ngati chipinda choyandikana muli lesitilanti kapena butchala, pamenepo kanani, a zaumoyo akukhonsolo sangasekerere ubweya pafupi ndi chakudya.

Galu ndiye wofunika kumuganizira bwino. Anthu ambiri amamuopa, ena chipembedzo chawo sichiwalola kukhudzana ndi malovu ake, ndiye galuyo akangogona pakhomo kasitomala amapitirira kukagula kwa aneba. Masana azikhala m'khola kuseri, azimasulidwa usiku geti ikatsekedwa. Ngati malowo alibe mpanda, ine sindingalole n'komwe. Walendiyo akuonetseni chiphaso cha katemera wa chiwewe chochokera kwa alangizi a ziweto, osati kungoti "anabayitsa kale". Katemerayu amayamba galu ali ndi miyezi 3, ndipo azibwerezedwa chaka chilichonse, mphakanso chimodzimodzi. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zonsezi mulembe m'pangano la lendi musanasainirane, kuphatikizapo kuti galu akaluma munthu wolipira ndi mwini galuyo, ndipo wochotsa ndowe pakhonde m'mawa ndi yemweyo.