Eyakoni ya pa bizinesi ikavuta, musathamangire kuthira gasi

Okutobala akangolowa mu Blantyre muno, mafunso omwe ndimalandira amasintha. Za ngongole ndi mpamba zimayamba zapuma, za maeyakoni n'kuchuluka. Anthu atatu omwe ndikuwayankha lero onse ali ndi mtundu umodzi, uja wa zigawo ziwiri womwe ogulitsa amati split unit: chigawo china chimapachikidwa pakhoma m'kati, china chimakhala panja, ndipo zimalumikizana ndi mapaipi awiri a kopa. Ine ntchito yanga ndi ya ndalama, osati ya sipanala. Koma ndikamaona mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono, makina amenewa akudya ndalama zambiri zomwe sanayenera kudya.

Mayi wina wa saluni ku Zingwangwa walemba kuti: "Eyakoni yanga yatha zaka zitatu. Chaka chilichonse ikasiya kuziziritsa ndimaitana mmisiri, amathira gasi, ndimalipira. Imagwira miyezi ingapo kenaka yasiyanso. Akuti ndi mmene zimakhalira. Kodi ndingoika ndalama ya gasi pa bajeti ya chaka ndi chaka?"

Ayi mayi, musaiike. Gasi wa mu eyakoni satha. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kutola kutentha m'chipinda, kukakutaya panja, n'kubwereranso. Firiji ya kunyumba kwanu imagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo ndikhulupirira kuti yatha zaka osathiridwa kanthu. Gasi akachepa ndiye kuti pali pomwe akutulukira. Munthu wothira gasi osasaka pomwe akutulukirapo akupopa tayala lobooka, ndipo wolipira ndinu.

Kawirikawiri pobookapo sipakhala patali. Pitani pa chigawo cha panja chija, muyang'ane m'mbali mwake pomwe mapaipi awiri aja amangidwa ndi manati. Mukaona ponyowa ngati pagwera mafuta, fumbi litakakamirapo bii, kayikirani pomwepo, chifukwa gasi akamathawa amatuluka ndi timafuta ta mu kompuresa, injini yopopa gasiyo yomwe ili m'chigawo cha panja. Chizindikiro china ndi ayisi kumera pa paipi yaing'onoyo, dzuwa likuswa mtengo.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wasaka. Amapaka thovu la sopo m'molumikizira monse, kapena kupopera nayitrojeni m'mapaipi n'kudikira kuti aone ngati presha itsike. Akapeza amakonza. Akatero amayamwa mpweya ndi chinyezi chonse ndi makina omwe amati vacuum pump, ndipo pomaliza penipeni ndi pomwe amathira gasi, pa sikelo, osati mongoyerekeza. Kuchuluka kwa gasi woyenera kulowamo kunalembedwa pa sitika ya chigawo cha panja, pamodzi ndi mtundu wake: R22, R410A kapena R32. Mitunduyi sisakanizidwa. R32 amatha kuyaka akakumana ndi moto, choncho si ntchito yopatsa aliyense amene wabwera ndi chikwama cha zitsulo.

Ntchito yotereyi idzakudulirani kuposa kungothira kuja, ndikuvomera. Koma tengani cholembera, muphatikize zomwe mwalipira zaka zitatuzi, muwonjezepo masiku omwe makasitomala anakhala m'thukuta mitu ili mu dulaya. Palinso china chomwe othira gasi satchula: gasi yemweyo ndi amene amaziziritsa kompuresa. Ikamagwira ntchito gasi ali wochepa imatentha mopitirira, ndipo tsiku lina imangoti zii. Pa zida zonse za makinawa, kompuresa ndiye yodula kwambiri.

Ndiye mukaitana wina, gwirizanani musanatsegule kachikwama. Pa risiti alembe pomwe anapeza pobooka, mtundu wa gasi, ndi kulemera kwa gasi amene wathira. Alembenso kuti ikasiya kuziziritsa m'miyezi itatu abweranso osalipiritsa. Kufunsa munthu komwe anaphunzira ntchito si mwano. Amene wakwiya ndi mafunso amenewa wakuyankhani kale.

Koma musanaitane aliyense, zimitsani eyakoniyo pakhoma, mukwere pampando, mutukule chivundikiro cha chigawo cha m'kati. Mupezamo timasefa tiwiri ta pulasitiki tosolola ndi manja. Mu saluni timeneti timagwira tsitsi lodulidwa, ulusi wa mesh, sipule ndi fumbi la mumsewu, mpaka kusanduka chinthu chotuwa chomata chomwe mphepo singadutse. Tsukani ndi madzi ndi kasopo pang'ono, muyanike pamthunzi, mubwezeretse titauma. Mu ofesi wamba kutsuka kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira. Kwa inu, Lolemba lililonse musanatsegule. Kunjanso onani ngati chigawo cha panja sichinatsekedwe ndi makatoni, zidebe kapena zovala zoyanika, pakuti chimafuna mpata wopumira. Maeyakoni ambiri omwe amanenedwa kuti atha gasi amakhala atangotsamwa ndi fumbi la Ogasiti ndi Seputembala.

Funso lachiwiri lachokera kwa bambo wina amene ali ndi loji ya zipinda zisanu ndi chimodzi cha ku Chirimba, mumsewu wopita ku Chileka. Akuti chipinda china eyakoni ikudontha madzi kutsetsereka pakhoma mpaka penti yatupa, china ikutulutsa fungo la nkhungu, ndipo chachitatu ikuuzira mphepo yotentha. Akufunsa ngati anagulitsidwa katundu wachabechabe.

Sindikuganiza choncho, bambo. Yambani ndi chachitatucho, chifukwa mwina sichifuna ndi tambala yomwe. Tengani rimoti muyang'ane kachizindikiro kali pagalasi pake. Maeyakoni ambiri amatha kutenthetsanso chipinda, ndipo mlendo amene anagona mmenemo mu Juni kapena Julaye, chiperoni chili m'kati, anaika pa kadzuwa, pa Heat. Palibe anabwezera. Dinani batani la Mode mpaka ifike pa Cool, mudikire mphindi zisanu. Mabatire a rimoti nawonso asinthidwe. Ndi zinthu zochititsa manyazi kulipirira mmisiri ulendo.

Madzi aja si vuto la gasi. Eyakoni ikamaziziritsa imafinya chinyezi cha mumpweya, madziwo amagwera m'kathireyi ka m'kati n'kutuluka ndi kapaipi kopita panja. Kapaipi kameneka kakatsekeka ndi matope a fumbi kapena tizilombo tomangamo, kapenanso ngati oika anakakweza m'malo mokatsetsereza, madzi amasefukira m'chipinda. Kasakeni kunja komwe kakuthera. Eyakoni ikugwira ntchito koma kukamwa kwa kapaipiko kuli gwa, ndiye kuti katsekeka. Fungo lija limachokera komweko, madzi okhalitsa ndi nkhungu pa zitsulo za m'kati, ndipo limatha ndi kutsuka kwa mmisiri, osati ndi perefyumu. Konzani mvula isanayambe, chifukwa mpweya wa Disembala ndi Januwale umakhala ndi chinyezi chambiri, madziwo adzawirikiza.

Uphungu wanga wa ndalama kwa inu ndi wa kalendala. Chipinda chimodzi chikagona chopanda mlendo usiku umodzi kapena uwiri chifukwa cha khoma lonyowa, mwataya ndalama yomwe ikanatsukitsa makinawo. Maeyakoni onse asanu ndi imodzi azitsukidwa tsiku limodzi mu Ogasiti, amisiri asanayambe kusowa, ndipo mtengo muzikambirana wa onse pamodzi. Mu Okutobala aliyense akuwaimbira foni, wonenerera mtengo sakhalanso inu. Pa ndalama ya chipinda chilichonse chomwe chagonedwa, muzipatula kachepa kokonzera makina, kazikhala pakokha.

Wachitatu ndi achimwene a shopu ya fotokope ndi kusindikiza ku Limbe, ndipo funso lawo ndi lolemera: "Magetsi anazima, atabwera eyakoni sinayakenso bwino, timagetsi take tikungophethira. Wina wati bolodi yapsa, mtengo wake ndi waukulu. Ndikonze, kapena ndigule ya kaunjika yomwe ndaiona? Komanso mayunitsi amatha msanga ikamagwira ntchito."

Achimwene, musavomereze msanga kuti bolodi, kaubongo ka magetsi kolamulira makinawo, yapsa. Magetsi akabwera, maeyakoni ambiri amadikira dala mphindi pafupifupi zitatu kompuresa isanadzuke, podziteteza. Onani buleka yake pa bokosi la magetsi. Zimitsani pakhoma mphindi khumi, muyatsenso. Kuphethira kuja ndi chilankhulo cha makinawo: werengani kuti kagetsi kakuphethira kangati kasanapume, kapena lembani zilembo zomwe zikuoneka pagalasi, monga E1 kapena F3, muyang'ane tanthauzo lake m'kabuku ka eyakoni yanuyo, chifukwa kampani iliyonse ili ndi matanthauzo akeake. Ngati chigawo cha panja chikungong'ung'udza koma fani kapena kompuresa osazungulira, pa makina omwe si a inverter (a inverter ndi omwe kompuresa yawo imasintha liwiro m'malo mongozima ndi kuyaka) wolakwa nthawi zambiri amakhala kapasita, kachida kooneka ngati kachitini, kotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi bolodi. Musakagwire nokha, kamasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Itanani mmisiri wachiwiri, osamuuza zomwe woyamba ananena, mumve ngati mawu awo afanane.

Ikakhala kuti yapsadi, funso likhale la zaka ndi mtundu wa gasi. Zida za makinawa zimachokera kunja, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse choitanitsa unasintha nkhope. Muyezo womwe ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: kukonza kukapitirira theka la mtengo wa yatsopano, makinawo ali okalamba, makamaka ngati ndi a R22, musaikepo ndalama. R22 akuchotsedwa pang'onopang'ono padziko lonse potsatira pangano la Montreal loteteza mlengalenga, ndiye kumupeza kuzinka kuvutiravutira. Ya kaunjika ija ndimaikayikira pa chifukwa chomwechi. Yang'anani sitika yake. Ndipo eyakoni yomwe ili pansi m'shopu simungadziwe ngati imagwira, pokhapokha itapachikidwa. Mukafunadi, gwirizanani kuti wogulitsa aipachike yekha, muione ikuziziritsa sabata yathunthu, ndiye mumalize kulipira.

Kaya mukonza kaya mugula, musayatsenso popanda choteteza magetsi, chija amati AVS kapena voltage protector, cha mphamvu yolingana ndi eyakoni, osati kaja ka firiji. Magetsi athu ndi a 230 volts, ndipo kachidaka kamadula akakwera kapena kutsika mopitirira, n'kudikira kaye akabwera. Maeyakoni a inverter amadya magetsi ochepa koma bolodi yawo ndi yosachedwa kupsa ndiponso yodula. Za jenereta nazonso samalani. Ambiri munagula tating'onoting'ono mu 2022, namondwe wa Ana atawononga Kapichira, ndipo timakoka bwino kompyuta ndi pulinta. Koma kompuresa yomwe si ya inverter podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pomwe ikuyenda, kajenereta n'kutsamwa, zonse ziwiri n'kuvulala.

Tsopano za mayunitsi, pomwe ine ndikuona kuti pagona nkhani yanu yeniyeni. Eyakoni ya 12000 BTU (muyezo wa mphamvu yake yoziziritsa) imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola kompuresa ikamayenda. Fani ya kudenga sifika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimenezo. Kuika pa 16 sikufulumizitsa kuzizira kwenikweni, kumangochititsa kuti kompuresa isapume. Ikani pa 24 kapena 25, chitseko chikhale chotseka. Koma shopu ya fotokope ku Limbe chitseko chimatsekedwa liti? Kasitomala amalowa, kujambulitsa chiphaso, kulipira, kutuluka, wina ali kale pakhomo, makina a fotokope nawonso akutulutsa kutentha kwawo. Mukuziziritsa khonde ndi ndalama zanu.

Mayi a saluni ndi bambo a loji aja amagulitsa kuzizirako. Munthu amakhala maola atatu akulukidwa, mlendo amalipira zambiri pa chipinda cha eyakoni. Inu ndikukayika ngati pali kasitomala amene amalambalala shopu ina kutsata mphepo yanu. Mwina mafani awiri ndi kutsegula mawindo kungakwanire kutsogoloko, eyakoni n'kuisiyira kachipinda kotsekeka ka makompyuta, ngati muli nako. Ndipo chonde, ngongole ya katapila isalowe pa nkhani imeneyi.

Musanagamule, yezani. Ngati muli ndi malisiti a mayunitsi a ESCOM kapena mauthenga a pafoni omwe munkagulira, fanizirani mwezi womwe eyakoni inkagwira ntchito tsiku lonse ndi masabata ano omwe yakhala chete. Ikadzakonzedwa mungathenso kuwerenga mita m'mawa ndi madzulo, tsiku lina itayatsidwa, lina itazimitsidwa. Kusiyanako muchulukitse ndi masiku 26 ogwira ntchito pa mwezi, kenaka ndi mtengo womwe mumagulira yuniti imodzi. Yankholo muligawe ndi phindu lomwe mumapeza pa pepala limodzi la fotokope, mudziwe kuti ndi mapepala angati pa mwezi omwe mumajambulira eyakoni yokha. Nambala imeneyo munditumizire pamodzi ndi mtengo womwe mmisiri wachiwiri atchule, tiwerengere limodzi.