Hutala ikulira koma njinga siikulira: yambani ndi waya wakuda wa mzere woyera

Mchimwene wina amene amachita kabaza ku Dedza wanditumizira imelo. Akuti njinga yake yamoto ya ku China ya 150cc inazima ali pamsewu mvula itamupeza. Kuyambira tsikulo sitata imazungulira bwinobwino, kiki amaponda mpaka thukuta, koma injini siilira. Hutala ndi maindiketa zikugwira ntchito. Wasintha pulagi, wagula CDI (kabokosi kamene kamatumiza moto ku pulagi) yatsopano, ndipo tsopano amuuza kuti agule batire. Akufunsa kuti agule kapena ayi.

Achimwene, ndalamayo muyambe mwaisunga. Batire imene ikuzunguliritsa sitata mwamphamvu ndi yamoyo. Ngati mukufuna mtima ukhale pansi, yesani ndi multimeter, mita yoyezera magetsi: yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo mukadina sitata siyenera kutsika kupitirira 10V. Komanso njinga zambiri za mtundu wanuwu zili ndi CDI ya AC, imene moto wa pulagi imautenga ku koyilo ya mu magneto (kajenereta ka m'kati mwa injini), osati ku batire. N'chifukwa chake mumaona anzanu akuyenda ndi batire yakufa, n'kumangoponda kiki.

Choyamba tione ngati moto ukufika. Masulani pulagi, muibwezere mu kapu yake, mugunditse mazinga ake pa chitsulo cha injini, kenako pondani kiki kiyi ali pa ON. Muigwirire pa labala ndipo ikhale patali ndi bowo lake, chifukwa mpweya wa petulo suchedwa kuyaka. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti the the the. Ngati ulipo, vuto si mawaya; taonani madzi mu kabureta. Koma mmene mwafotokozeramu, ndikukhulupirira kuti simuona kanthu.

Apa ndi pamene ndikufuna mufatse. Pa njinga zotengera mawaya a Honda CG125, pa CDI pamalowa waya wobiriwira wa earth (wolumikiza ku chitsulo cha njinga), wakuda wa mzere wofiira wochokera ku magneto, wabuluu wa mzere woyera wochokera ku pickup (kachipangizo kouza CDI nthawi yotulutsa moto), wakuda wa mzere wachikasu wopita ku koyilo ya pulagi, ndi wakuda wa mzere woyera. Womalizayu ntchito yake ndi kuzimitsa injini. Mukatembenuza kiyi kupita pa OFF, kapena mukadina switchi yofiira ya pa handulo, wayayu amalumikizidwa ndi earth, moto wonse n'kuthawira m'chitsulo. Ndiye taganizani: madzi akalowa mu switchi, kapena wayayu akasupuka n'kukhudza felemu, CDI imangoona ngati mwazimitsa njinga. Mungasinthe ma CDI asanu, onse adzakhala chete.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Tulutsani waya wakuda wa mzere woyerayo pa soketi ya CDI, ena onse muwasiye, muyesenso pulagi ija. Moto ukabwera, mwampeza wakubayo. Mudziwe kuti ikalira motere kiyi sangaizimitse, ndiye muizimitse poika giya, kugwira buleki n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Kenako tsegulani switchi yofiira ija ndi ya kiyi, muumitse, muchotse dzimbiri lobiriwira. Mukatero vundukulani mtolo wa mawaya pakhosi pa njinga, pansi pa hedilaiti. Pamenepo mawaya amapindika nthawi iliyonse mukakhota, ndipo pa njinga ya kabaza yoyenda m'misewu ya fumbi kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndi pamene amayambira kusupuka. Ena amaduka m'kati pulasitiki ili bwinobwino. Kokani mmodzimmodzi, amene akutamuka ngati lasitiki ndi woduka.

Moto ukapanda kubwera, pitani pa waya wobiriwira. Masulani bawuti imene yamanga earth ndi zimene zagwira koyilo pansi pa thanki, mupale ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Kapu ya pulagi nayo imafa: ipotokoleni, mudule kansonga ka waya, muyandikize wayayo ku injini n'kuponda kiki. Zikakanika zonsezi, ikani mita pa AC, pakati pa waya wakuda wa mzere wofiira ndi injini. Mukaponda kiki iyenera kudumpha mavolti makumi angapo. Ikangokhala pa ziro, onani soketi ya mawaya otuluka mu injini kumanzere, pafupi ndi tcheni, pamene matope amadzaza, musanaweruze kuti koyilo ya magneto yapsa.

CDI imene mwagulayo nayo ikundidetsa nkhawa. Pali ya AC ndi ya DC (yotenga magetsi ku batire), ndipo zina soketi zake zimafanana. Mukaika ya DC pa njinga ya AC siipereka moto, mwinanso n'kupsa. Kuti mudziwe mtundu wa njinga yanu, yatsani kiyi muyese mawaya a pa soketi: mukapeza 12V injini isanazungulire, ndi ya DC, ndipo pamenepo fyuzi ndi switchi ya kiyi ndizo zoyamba kuona. Poyesa zonse ndanenazi, bwezeranimo CDI yakale.

Mukapeza malo osupukawo, musangopotokola mawaya n'kukulunga jumbo. Mvula ikubwerayi idzakuzimitsiraninso muli ndi kasitomala kumbuyo. Lumikizani ndi soda (solder, kachitsulo kosungunula kowotcherera mawaya), mukulunge tepi ya magetsi, ndipo mtolowo muumange motayirira ndithu kuti handulo ikakhota mpaka kumapeto mawaya asakokeke.