Amayi anu asasiye nkhwani chifukwa cha warfarin

Achemwali ena a ku Chilomoni anditumizira imelo. Amayi awo anatupa mwendo, ku Queens anawapeza ndi magazi oundana mu mtsempha wamkati, ndipo anawayambitsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Anzawo a kumpingo awalangiza kuti asadyenso ndiwo zamasamba, moti sabata yachitatu ino akungodya nsima ya usipa ndi mazira. Akufunsa ngati malangizowo ndi oona.

Si oona, achemwali, ndipo nkhaniyi imandiwawa chifukwa anthu amaopa mpiru m'mbale pomwe choopsa chenicheni chili pa okala.

Chiwindi chimagwiritsa ntchito vitamini K popanga zinthu zimene zimaundanitsa magazi. Warfarin amatchinga ntchito ya vitamini ameneyu, choncho magazi amatenga nthawi yotalikirapo kuti aundane. Masamba obiriwira, monga nkhwani, mpiru, repu, bonongwe, chisoso ndi chigwada, ali ndi vitamini K wambiri, ndipo apa ndi pamene mphekeserayo inachokera. Koma mlingo wa warfarin amauika molingana ndi mmene munthuyo amadyera masiku onse. Akasiya masamba mwadzidzidzi, mlingo womwe uja umakhala wamphamvu kwambiri, ayamba kutaya magazi. Akachulukitsa masamba mwadzidzidzi, mankhwala amafooka, magazi aundananso. Chofunika ndi chakuti kadyedwe ka sabata ino kafanane ndi ka sabata yamawa. Kuno kwathu vuto limabwera ndi nyengo: mu Okutobala masamba amadula pamsika, koma mvula ikangogwa bonongwe amamera kuseri kwa nyumba iliyonse ndipo amadyedwa masana ndi madzulo. Kusintha kotere nkoyenera kuwauza a kuchipatala. Ufa wa chammwamba umene ambiri akuthira m'phala nawonso ndi masamba ouma, muuwerengere.

Palibe amene angadziwe ngati mlingo uli bwino pongomuyang'ana wodwala. Chimene chimanena ndi kuyezetsa magazi kotchedwa INR, kumene kumaonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana: INR ikakwera kwambiri munthu akhoza kutaya magazi, ikatsika magazi akhoza kuundananso. Munthu wosamwa mankhwalawa INR yake imakhala pafupifupi 1.0. Wa magazi oundana m'mwendo kapena m'mapapo amafunika akhale pakati pa 2.0 ndi 3.0. Amene anaikidwa valavu yachitsulo mu mtima kawirikawiri amamuikira pamwamba pang'ono, pakati pa 2.5 ndi 3.5, malinga ndi valavuyo. Poyamba amayeza pafupipafupi, masiku ochepa aliwonse kenako sabata iliyonse, ndipo ikakhazikika pafupifupi kamodzi pa masabata 4. Ndikudziwa kuti minibasi ndi kuyezetsako zimadya ndalama. Komabe sindibisa: kumwa warfarin miyezi yambiri osayezetsa INR ndi kuika moyo pachiswe, ndipo ngati abale akusonkherana ndalama, yoyezetserayi ikhale yoyamba kupatulidwa.

Dziwaninso kuti warfarin sasungunula magazi amene anaundana kale. Amaletsa kuti asawonjezekere, thupi nkumawachotsa lokha pang'onopang'ono. Amachedwanso kugwira, nchifukwa chake masiku oyamba, osachepera 5, wodwala amabayidwanso heparin, mankhwala ena oletsa magazi kuundana amene amagwira msanga. Ndipo mwendo ukaphwa sindiye kuti zatha. Mankhwalawa amamwedwa miyezi yosachepera 3, ena moyo wonse. Wosiyira panjira, chibuluma chikhoza kuthothoka nkukatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu nkugwa akupita kubafa.

Tsopano za pa okala zija. Gogo akamva nyamakazi, mwana amatumidwa kukagula Brufen, Indocid, diclofenac kapena asipilini. Onsewa amakanda m'mimba ndipo amasokoneza tizigawo ta magazi totseka bala, moti akakumana ndi warfarin munthu amataya magazi mkati osadziwa. Wa warfarin akamva kupweteka amwe Panado, ndipo ngati akufunika kumwa tsiku lililonse kwa masiku angapo, akanene, chifukwa nayenso akachuluka amakweza INR. Bactrim, Flagyl, fluconazole, ciprofloxacin ndi erythromycin amakweza INR m'masiku ochepa chabe. Flagyl ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, poti aliyense wotsegula m'mimba amathamangira ameneyo. Amene amamwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV asasiye payekha, dokotala angodziwa kuti mlingo wa warfarin auike molingana.

Mankhwala a TB amachita zosiyana. Rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya warfarin, choncho mlingo umakwezedwa kwambiri. Ngozi imabwera pomaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB: rifampicin wachoka, mphamvu yake ikutha m'thupi pa masabata otsatira, koma munthu akumwabe warfarin wochuluka uja. Nthawi imeneyo INR iyezedwe sabata iliyonse. Ma ARV ena monga efavirenz ndi nevirapine amasokonezanso, pomwe dolutegravir alibe vuto lalikulu. Mowa wongokhuthula tsiku limodzi, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, umakweza INR. Zitsamba za m'mabotolo zosadziwika zosakaniza zake azileke, ndipo kutemera mphini ayi ndithu.

Amayi achichepere amene mukuwerenga nawo: warfarin amawononga mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12. Mukangokayikira kuti mwaima, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, akakusinthireni ku jakisoni wa heparin, koma musasiye nokha, makamaka ngati muli ndi valavu yachitsulo. Kuyamwitsa kulibe vuto. Ena afunsa za rivaroxaban, mankhwala ena oletsa magazi kuundana amene safuna kuyezetsa INR. Ndi wabwino kwa ambiri a magazi oundana m'mwendo, ngakhale ndi wodula, koma si wa munthu wa valavu yachitsulo, ndipo sagwirizana ndi rifampicin.

Zothamangira kuchipatala

Chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wofiira, kusanza magazi, kamfuno wosaleka mutatsina mphuno mphindi 10, msambo wosefukira, mutu waukulu wodzidzimutsa, kufooka mbali imodzi, kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Amayi akagwa pa kabaza kapena m'bafa nkumenyetsa mutu, apite ngakhale akuoneka bwino, chifukwa magazi a mu ubongo amatha kudontha mwakachetechete kwa maola ambiri. Wozula dzino kapena wobaya jakisoni wa pathako auzidwe za warfarin asanayambe.

Kwa amayi anuwo, achemwali, chitani izi. Poti atha masabata atatu osadya masamba, mlingo wawo mwina unaikidwa pa kadyedwe kameneko. Abwerere ku ndiwo zawo pang'onopang'ono, muwauze a kuchipatala, ndipo INR iyezedwe pasanathe sabata. Azimwa nthawi imodzi tsiku lililonse, madzulo ndi bwino kuti zotsatira za m'mawa zisinthe mlingo wa tsiku lomwelo. Akaiwala nkukumbukira tsiku lomwelo amwe, koma kukacha asaphatikize awiri. Muziwerenga mamiligalamu pa paketi, osadalira mtundu wa piritsi, poti makampani amapanga mitundu yosiyana, ndipo INR iliyonse ndi mlingo wake zilembedwe m'kabuku kawo ka kuchipatala.