Amusankhira za laibulale ku Mzuni, abwereze Fomu 4?

Mayi ena andilembera kuti mtsikana wawo wasankhidwa ku Mzuzu University kukachita digiri ya Library and Information Science, koma pakhomo palibe chimwemwe. Bambo ake akuti zaka zinayi zonse kukaphunzira kudinda deti pa buku? Ndiye akufunsa ngati mwana angobwereza MSCE mwina adzapeze unesi.

Mayi, asabwereze ayi. Kudindako kulipodi koma ndi kachigawo kakang'ono, ntchito yeniyeni ya mu laibulale ya pa yunivesite ndi kusankha. Ndalama yogulira mabuku imabwera yochepa, mabuku ake ambiri ndi oitanitsa kunja ndi madola, ndiye taganizani mu November 2023 muja kwacha inagwa ndi 44 peresenti, bajeti yomweyo basi mabuku kuchepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pamenepo a zaulimi abwera ndi mndandanda wawo, a masamu nawo wawo, aliyense akuti langa ndiye lofunika, ndipo mwana wanuyo ndi amene adzakhale pansi nkuona mu kompyuta kuti buku liti ana akulimbirana mpaka chikuto chinathothoka, liti lagona pa shelefu zaka khumi osakhudzidwa. Kafukufuku wa ntchitoyi amayambira pomwepo, kuwerengera zomwe anthu akugwiritsadi ntchito osati zomwe tikungoganiza.

Palinso kuchotsa mabuku, izi ndiye zimadanitsa kkkk. Pa laibulale ina yomwe ndinathandizako tinalandira makatoni a mabuku a mphatso ochokera kunja, kutsegula muja tinapeza ambiri ndi a makompyuta a m'ma 1990, mapepala achikasu, ena njenjete zinayamba kale. Mabwana amafuna onse aikidwe kuti mashelefu aoneke odzadza. Anakana ndi mayi woyang'anira laibulaleyo, ndipo amanena zoona, malo ndi ochepa.

Masiku ano zambiri zili pa intaneti. Kuyambira 2003 malaibulale akuno amasonkherana kudzera ku bungwe lawo la MALICO kuti alipire ma journal (magazini a kafukufuku) limodzi, pawekha sungakwanitse. Ndiye pali Research4Life, nkhokwe ya zolemba za kafukufuku pa intaneti momwe muli Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi, maiko ngati lathu timapezako zolemba zodula mwaulere, koma pamafunika munthu woti aphunzitse ana ndi aphunzitsi omwe kafufuzidwe kake. Ku Mzuni komweko laibulale inapsa mu December 2015, mabuku pafupifupi 45,000 phulusa lokhalokha, choti nkhani ya kusunga zinthu mu kompyuta kumeneko sakaimva ngati nthano.

Za ntchito sindikunamizani, mipata siichuluka, anthu akalowa amakhalitsa. Malo ake ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST, mayunivesite omwe si aboma, National Library Service, National Archives ku Zomba, komanso mabanki ndi mabungwe ofuna wosamala ma record. Amene ndimaona akupeza msanga ndi odziwa makompyuta. Muuzeni asadikire chaka chomaliza, aphunzire Koha, pulogalamu yobwereketsera ndi kulondoloza mabuku, komanso DSpace yosungiramo ma thesis, zonsezi ndi zaulere. Pa holide akapemphe kuthandiza pa laibulale yapafupi ngakhale osalipidwa, akachoka atengeko kalata. Ngati mungathe, kalaputopu ngakhale ka kaunjika kamuthandiza kuposa foni yodula.

Bambo akewo muwaonetse uthengawu, akakhala ndi funso andilembere okha.