Funsani Makaniko: galimoto yakhalitsa osayenda, petulo sakufika ku injini

FUNSO: Zikomo a Makaniko. Ndine bambo wa kwa Mponda kuno ku Mangochi. Malemu bambo anga anandisiyira Nissan 1400 imene ankanyamulira nsomba kuchokera ku Makawa. Ine nditapita ku Johannesburg kukagwira ntchito, galimotoyi inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zitatu osalizidwa. Nditabwerako ndinagula batire latsopano, ndipo ndinathira malita asanu a petulo pamwamba pa amene anatsalira m'thanki, koma sitata ikungozunguza injini osalira. Mnyamata wina wa pagalaja atathira petulo pang'ono m'kabuleta, inalira bwinobwino kwa kamphindi kenaka n'kuzima. Iye akuti ndigule kabuleta ina. Kodi ndiguledi, kapena pali zina zoyamba kuona?

YANKHO: Bambo, musagule kaye kabuleta. Kulira kwa kamphindi kuja ndi nkhani yabwino, chifukwa kukusonyeza kuti moto ukufika ku mapulagi ndiponso kuti injiniyo ikadali ndi mphamvu. Chimene chikusowa ndi petulo, ndipo petuloyo asanafike m'kabuleta amadutsa m'thanki, m'mapayipi, m'fyuluta ndi m'pampu. Kabuleta, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya, ndiyo yomalizira pa njira imeneyi, ndiponso ndi yokwera mtengo. Mukaika yatsopano thanki ikadali ndi zinyalala, posakhalitsa nayonso idzatsekeka ndipo ndalama zanu zidzakhala zitalowa m'madzi.

Yambirani pa petulo weniweniyo. Petulo akakhalitsa amaonongeka: mbali yake yopepuka, imene imayaka msanga injini ikakhala yozizira, imauluka, ndipo chotsalacho chimasanduka phula lofiirira lomata ngati manyuchi, lomwe limatseka timabowo tonse ting'onoting'ono. Kuno ku Malawi pali chinanso choonjezera. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zimene zinayamba mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo ina ya ku Chikwawa inabwera mu 2004. Ethanol alibe vuto galimoto ikamayenda tsiku ndi tsiku, koma amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo madziwo akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki, pamalo enieni pomwe payipi imayamwira. Kutentha kwa Mangochi masana ndi chinyezi cha kunyanja usiku zimafulumizitsa zonsezi, makamaka m'thanki yomwe inasiyidwa yosadzaza. Choncho malita asanu amene munathira aja angosakanikirana ndi petulo wakufa kale.

Chotsani zonse zimene zili m'thankimo. Thirani pang'ono m'botolo lagalasi loyera, mulisiye kwa mphindi khumi, kenaka muliyang'ane pa dzuwa. Mukaona petulo wofiirira wonunkha ngati vanishi, kapena mzere wolekanitsa madzi a pansi ndi petulo wa pamwamba, kapenanso fumbi lofiira la dzimbiri, ndiye kuti thankiyo ikufunika kuitsitsa ndi kuitsuka. Pa galimoto imene yakhala zaka zitatu, ine ndingaitsitse ndithu osadikira umboni wina. Mukaitsitsa, unikani m'kati ndi tochi, osati ndi machesi kapena nyali ya moto. Dzimbiri likakhala lapamwamba chabe, ponyanimo mabawuti ndi manati oyera pamodzi ndi palafini, muikhutchumule kwambiri, mutsanule, ndipo mubwereze mpaka palafiniyo atuluke woyera. Muumitse bwino musanaibwezere. Muonenso kumapeto kwa payipi yoyamwira mafuta, chifukwa m'mathanki ambiri pamakhala kasefa komwe kamamatidwa ndi phula lija. Thanki ikakhala kuti yabooka, musalole munthu aliyense kuiwotcherera isanatsukidwe ndi kuchotsedwa nthunzi yonse ndi wodziwa ntchitoyo, pakuti thanki yooneka youma imaphulika kuposa yodzaza.

Mapayipi a rabara ndiwo amanamiza anthu ambiri. Rabara yakale imauma ndi kung'aluka, ndipo makoswe nawo amakonda kuitafuna galimoto ikakhala pamalo amodzi. Poti pakati pa thanki ndi pampu mafuta amachita kuyamwidwa, mng'alu wa pamenepo nthawi zambiri sudontha, koma umangolowetsa mpweya, ndipo pampu imakoka mpweyawo m'malo mwa petulo. Pindani payipi iliyonse ndi zala. Youma kapena yoonetsa timing'alu muisinthe, ndipo mugule payipi yopangidwira mafuta, osati ya madzi kapena ya pulasitiki yoonekera m'kati imene imagulitsidwa pamsika. Payipi yachitsulo yodutsa kunsi kwa galimoto muipope ndi pampu ya njinga kuchokera kutsogolo, chitsekerero cha thanki chili chotsegula. Mnzanu ataika khutu pakamwa pa thanki ayenera kumva mpweya ukutuluka momasuka. Fyuluta musataye nayo nthawi yoitsuka. Gulani ziwiri, chifukwa yoyambayo idzadzaza msanga ndi zinyalala zotsalira, ndipo poika muonetsetse kuti kamuvi kake kaloza ku injini.

Tsopano pampu. Ya Nissan 1400 imamangidwa m'mbali mwa injini ndipo imayendetsedwa ndi camshaft, ndodo yozungulira m'kati mwa injini, kutanthauza kuti imapopa pokhapokha injini ikuzungulira. M'kati mwake muli chikopa cha rabara chomwe amakaniko amachitcha diaphragm, ndi timavalavu tiwiri tomwe timalola mafuta kupita mbali imodzi yokha. Kuti muiyese, thirani petulo watsopano m'thanki, masulani payipi pamene imalowera m'kabuleta, muilozetse m'botolo, ndipo muzule waya waung'ono wopita ku koyilo kuti pasatuluke moto. Mnzanu azunguze injini kwa masekondi khumi kapena khumi ndi asanu, apumitse sitata, n'kubwerezanso, popeza mapayipi ouma amatenga kanthawi kuti adzaze. Pampu yabwino imalavula petulo mwamphamvu, modukizadukiza, mogwirizana ndi kuzungulira kwa injini. Ngati sipakutuluka kanthu, lumikizani payipi yaifupi kuchokera kolowera kwa pampu kupita m'kachigubu ka petulo woyera, ndipo muyesenso. Ikapopa tsopano, vuto likadali kumbuyo, m'thanki kapena m'mapayipi. Ikakanabe, pampuyo yafa, ndipo kawirikawiri chimakhala chikopa chouma kapena timavalavu tomatidwa ndi phula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachidumphe. Solomolani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, muone mlingo wa oyilo ndipo mununkhize. Chikopa cha pampu chikang'ambika, petulo amatha kutsikira m'injini n'kusungunula oyilo, ndipo mlingo umaoneka ngati wakwera. Injini yoyenda ndi oyilo wotero imadya mabeyaring'i ake, zomwe mtengo wake umaposa kutali pampu ndi kabuleta pamodzi. Ngakhale oyiloyo atapanda kununkha petulo, wa zaka zitatu ndi woyenera kusintha pamodzi ndi fyuluta yake.

Ena adzakuuzani kuti muike pampu ya magetsi. Zimatheka, koma ikhale yopangidwira kabuleta. Kabuleta imafuna mphamvu yochepa, ya pakati pa 2.5 ndi 5 psi (muyezo wa mphamvu yokankhira mafuta), pomwe pampu ya galimoto ya fuel injection, yomwe ilibe kabuleta, imakankha cha m'ma 40 psi. Pampu yotereyo imagonjetsa kavalavu ka m'kabuleta, petulo n'kusefukira pa injini yotentha.

Mukatsimikiza kuti petulo woyera akufika pakhomo pa kabuleta, mpamene mungayambe kuikayikira. Makabuleta ambiri a Hitachi ndi Aisan, omwe amapezeka pa Nissan ndi Toyota zakale, ali ndi kagalasi m'mbali mwa kambiya kosungira petulo, ndipo mlingo woyenera umakhala pa kadontho ka pakati pa galasilo. Ngati mukuzunguza injini koma kambiyako n'kouma, kasingano kotsegula njira, komwe amati needle valve, kamatirira. Gogodani pang'onopang'ono pamwamba pake ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, chifukwa nthawi zina kamamasuka ndi zomwezo. Ngati petulo akuoneka pagalasi, chotsani sefa ya mpweya, injini ili yozima, muyang'ane kukhosi kwa kabuleta uku mukukoka chingwe cha mafuta ndi dzanja. Muyenera kuona kamzere ka petulo kakuthamangira m'kati. Mumvetserenso ka solenoid ka m'mbali, kavalavu koyendera magetsi, ngati kabuleta yanu ili nako: mukatsegula kiyi kamalira kuti "tiki", ndipo kakapanda kutero injini imazima mukangochotsa phazi pa mafuta.

Kutsuka kabuleta kumafuna kudekha kuposa luso. Yalani nsalu yoyera patebulo, jambulani ndi foni musanamasule chilichonse, ndipo sikuluwu yosakanizira mafuta ndi mpweya musanaichotse, muitsekere pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati, kuti mudzaibwezere pomwepo. Majeti, omwe ali ndi timabowo todutsira petulo, muwaviike mu carb cleaner, mankhwala otsukira kabuleta, n'kuwapopa ndi mpweya mpaka kuwala kuoneke pabowo. Musawatokose ndi waya kapena singano, chifukwa ndi a mkuwa wofewa, ndipo bowolo likakula pang'ono pokha galimoto idzamwa mafuta ambiri masiku ake onse. Float, yomwe imayandama pa petulo m'kambiya kaja, muigwedeze pafupi ndi khutu, ndipo mukamva mafuta akukhutchumuka m'kati ndiye kuti yabooka. Magasiketi ndi kasingano kaja amagulitsidwa pamodzi m'paketi, pa mtengo wotsika kwambiri kuposa kabuleta yathunthu. Kugula ina kumayenera pokhapokha thupi lake litang'aluka, litadyeka ndi madzi mpaka kutuwa m'timabowo ta m'kati, kapena ndodo ya throttle, imene imazungulira mukaponda mafuta, itakhwepa moti ikulowetsa mpweya m'mbali.

Za kuthira petulo m'kabuleta, muwauze anyamatawo kuti asamachite zimenezi injini ikuzungulira kapena nkhope ili pamwamba pake, pakuti moto ukabwerera umatulukira pomwepo. Ntchito yonseyi muigwirire panja, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, mchenga uli pafupi, ndipo petulo musamamuyamwe ndi pakamwa. Musanalowe pamsewu muyesenso mabuleki, chifukwa nawonso akhala zaka zomwezo.

FUNSO: A Makaniko, ndili ndi Toyota Hilux yakale ya petulo, ya injini ya 4Y, yomwe inakhala chaka osayenda. Tinatsuka kabuleta ndipo m'tauni muno ikuyenda bwino, koma ikafika pa zitunda za msewu wa ku Namwera imatsamwa n'kuzima. Tikaipumitsa pang'ono imaliranso. Vuto n'chiyani? Wowerenga wa ku Mangochi boma.

YANKHO: Bambo, galimoto yanu ikulandira petulo wokwanira pamalo athyathyathya, koma wosakwanira pamene injini ikufuna wambiri, ndipo kabuleta si yolakwa. Ikadzazimanso, tsikani nthawi yomweyo mukatsegule chitsekerero cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu, kabowo kopumira thanki katsekeka, ndipo pa galimoto yokhalitsa nthawi zambiri amakhala mavu amene amata dothi m'kapayipi kopumirako. Ngati sipakumveka kanthu, yang'anani fyuluta. Mukaonamo fumbi lofiira, ndiye kuti zidutswa za dzimbiri zikuunjikana pa kasefa ka m'thanki pampu ikamakoka mwamphamvu, kenaka n'kugwa mukaima, ndipo thankiyo muitsitse monga tafotokozera pamwambapa. Ngati vutolo limabwera masana okhaokha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, onani ngati payipi ya mafuta sikudutsa pafupi ndi ekizozi, chifukwa petulo amawira m'payipimo ndipo pampu singakoke nthunzi. Ikani nsalu yonyowa pa pampu ndi pa payipiyo. Galimoto ikalira msanga, sunthani payipiyo kutali ndi motowo, ndipo muyesenso pampu ndi botolo, popeza pampu yofooka ndiyo imayamba kugonja kukatentha.