Ma VM awiri akulimbirana adilesi imodzi pa br0

Achimwene, mwafotokoza kuti pa seva yanu ya Ubuntu muli KVM (pulogalamu yoyendetsa makompyuta oyerekezera, ma VM, mkati mwa kompyuta imodzi), munapanga bridge ya br0 (yolumikiza ma VM ku netiweki) kudzera mu netplan (chida cha Ubuntu chokonzera netiweki), ndipo ma VM awiri, amene yachiwiri munaikopera kuchokera ku yoyamba, onse akulandira 192.168.1.50, moti SSH, njira yolowera mu makina muli patali, ikungoduka. Mukufunsa ngati kuli bwino kuphwasula bridge n'kuyambanso. Musaiphwasule kaye, chifukwa bridge payokha sigawa adilesi ya IP. Imagwira ntchito ngati switch, kudutsitsa uthenga poyang'ana adilesi za MAC basi, zimene ndi manambala ozindikiritsa khadi lililonse la netiweki. Choyenera kudziwa poyamba ndi chakuti ndani akuyankha pamene makina ena afunsa za adilesiyo.

Pa seva yeniyeniyo lembani arping -b -I br0 192.168.1.50, ndipo pa windo lina muyendetse tcpdump -eni br0 arp: yoyambayo imafunsa mwini wa adilesiyo, yachiwiriyo imaonetsa mayankho. Chilembo -b ndi chofunika pa arping ya iputils, chifukwa popanda icho imayamba kulankhula ndi amene wayankha koyamba yekha, wachiwiriyo n'kubisika. Mukaona ma MAC awiri osiyana, werengani manambala oyambirira: 52:54:00 ndi a QEMU ndi KVM, 08:00:27 ndi a VirtualBox, 00:15:5d ndi a Hyper-V, pamene 00:0c:29 kapena 00:50:56 ndi a VMware. Ngati imodzi mwa ma MAC amenewa siyamba choncho, ndiye kuti wolimbirana nayeyo mwina ndi printa kapena kompyuta ina imene wina anaipatsa adilesi yokhazikika mkati mwa gawo limene rauta imagawa ndi DHCP (njira imene rauta imaperekera ma IP yokha), ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa gawolo kapena kusamutsa chipangizocho.

Koma malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuganiza kuti mupeza ma MAC awiri oyamba ndi 52:54:00, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, popeza ma MAC osiyana amayenera kulandira ma IP osiyana. Kuyambira pa Ubuntu 17.10, seva imagwiritsa ntchito systemd-networkd, pulogalamu yoyendetsa netiweki imene popempha adilesi kwa DHCP siidzidziwitsa ndi MAC ayi, koma ndi chizindikiro chochokera mu fayilo ya /etc/machine-id. Mukakopera disiki ya VM, fayiloyi imapita nayo osasintha, choncho rauta imaona ngati ndi makina amodzimodzi amene abwera kawiri, n'kuwapatsa adilesi yomweyo. Lowani mu VM iliyonse ndi virsh console kapena virt-manager, osati SSH, n'kuyerekeza zimene cat /etc/machine-id ikuonetsa. Ndikuletsa SSH chifukwa makiyi ake nawonso anakopereka, moti mukhoza kulowa mu VM yolakwika popanda chenjezo lililonse.

Zikafanana, mu VM yokoperayo lembani truncate -s 0 /etc/machine-id, muonenso /var/lib/dbus/machine-id: ikakhala fayilo payokha osati link, ichotseni, chifukwa systemd ikhoza kutengamo nambala yakale ija. Mukazimitsa VM yokoperayo n'kuiyatsanso idzapanga nambala yatsopano. Njira ina ndi kuwonjezera mzere wa dhcp-identifier: mac mu netplan, ndipo imagwiradi ntchito, koma ine sindiikonda ikakhala yokha, popeza machine-id yofananayo imatsala ndipo mapulogalamu ena amaidalira posiyanitsa makina.

Ngati arping ikuonetsa MAC imodzi yokha, yendetsani virsh domiflist pa VM iliyonse kuti muone MAC yake. Pulogalamu ya virt-clone imasintha MAC popanda kuuzidwa, koma munthu akakopera fayilo ya XML yofotokoza VM pamanja, MAC yakale imatsalira, ndipo bridge imangosinthasintha khomo limene ikutumizako uthenga. Zimenezi zimaoneka mukabwereza bridge fdb show br br0 kangapo: MAC yomweyo imapezeka pa vnet0, kenako pa vnet1, amene ndi makomo a ma VM pa bridge.

Onaninso seva yeniyeniyo ndi ip addr. Khadi la netiweki limene lalowa mu bridge, kaya ndi eno1 kapena enp3s0, siliyenera kukhala ndi IP. Adilesi ikhale pa br0 pokha, ndipo mu netplan khadilo likhale ndi dhcp4: false. Mukapeza mu dmesg uthenga wakuti "received packet on eno1 with own address as source address", ndiye kuti pali chingwe chimene chazungulira n'kubwerera ku switch yomweyo, kapena makina ena ali ndi MAC ya bridge yanu. Limenelo ndi vuto lina, ndipo kusintha machine-id ya VM sikungalithetse.

Simunanene ngati seva ili pa chingwe kapena pa Wi-Fi. Ikakhala pa Wi-Fi, bridge yamtunduwu siyenda bwino, chifukwa access point imakana uthenga wochokera ku MAC imene sinalumikizane nayo. Pamenepo ndi bwino kugwiritsa ntchito NAT ya libvirt (pulogalamu yoyang'anira ma VM), ya virbr0 pa 192.168.122.0/24, imene imachititsa kuti ma VM azitulukira pa adilesi ya seva.

Mukamadzakoperanso ma VM ena, musanayatse yokoperayo pa netiweki, idakali yozimitsa, yendetsani virt-sysprep -d ndi dzina lake. Imafufuta machine-id pamodzi ndi makiyi a SSH a makinawo, ndipo makiyi atsopano mungawapange pa console ndi dpkg-reconfigure openssh-server.