Funsani Aphunzitsi: Mudzi wa ku Italy Umene Ukudyedwa ndi Zigwembe

FUNSO: Aphunzitsi, dzina langa la ubatizo ndi Boaventura, ndimalima kachewere kuno ku Domwe. Mwana wanga wandionetsa pa foni chithunzi cha nyumba zamiyala zothithikana pansonga ya phiri, mbali zonse phompho. Akuti ndi kwawo kwa woyera amene ndinatengako dzina, ndipo akuti mudziwo ukufa. Kodi ndi zoona, kapena ndi zithunzi zopanga za masiku anozi? Nanga mudzi umafa bwanji?

YANKHO: Bambo Boaventura, mwanayo sanakunamizeni. Mudziwo ndi Civita di Bagnoregio, uli m'chigawo cha Lazio, makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Roma. Bonaventura Woyera, mkulu wa chipani cha Afransisko amene anamwalira mu 1274 ku Lyon, m'dziko la France, anabadwira m'mudzi umenewu. Koma nyumba ya makolo ake musakaifune. Inagwera kuphompho kalekale, pamodzi ndi nthaka imene inakhalapo.

Ndiyambe ndi nthakayo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Pamwamba, pamene pali nyumba, ndi mwala wofewa umene unapangika ndi phulusa la mapiri ophulika a kufupi ndi nyanja ya Bolsena. Mwala umenewu susowa mphamvu zambiri pousema, n'chifukwa chake anthu akale anaboolamo mapanga, manda ndi ngalande. Vuto lili pansi pake. Pansipo ndi dongo. Inu mukulidziwa dongo la pamtapo: mvula ikagwa limaterera, dzuwa likaomba limang'aluka. Timitsinje tiwiri, Rio Chiaro ndi Rio Torbido, timadutsa mbali iyi ndi iyo, n'kumanyambita dongolo chaka ndi chaka. Dongo likachoka, mwala wa pamwamba umatsala uli lende, kenako umang'ambika n'kugwa, n'kutenga khoma, dimba kapena msewu.

Ine ndinakulira ku Tsangano, ndipo kumunsi kwa munda wa bambo anga kunali kangalande kamene ndili mwana ndinkakalumpha ndi phazi limodzi. Pamene ndinkakwatira, kanali katasanduka chigwembe chobisa ng'ombe ndi nyanga zomwe. Mtengo wa mapichesi umene unali m'mphepete unakhala miyezi iwiri mizu ili pamtunda, ukulendewera, tsiku lina m'mawa tinangoupeza pansi. Zimene zikuchitika ku Civita ndi zomwezo, kungoti kumeneko chikugwa ndi mudzi wa zaka zoposa 2,500.

Mwina mufunsa kuti nanga anamangiranji pamalo otero. Amene anayamba kukhalapo ndi mtundu wa Aetrusika, Aroma asanakule mphamvu. Pamwamba pa phiri mdani umamuonera patali, ndipo makomo olondera amakhala ochepa. Inu a ku Domwe sindingakuphunzitseni zimenezi: agogo a ena a ife ankathawira kumapiri nthawi ya nkhondo za Angoni, pamene agogo a enafe ndi amene ankawathamangitsawo! Aetrusika ndi Aroma ankadziwa kuti madzi ndiwo mdani wachiwiri, ndipo ankasamala ngalande zotayira madzi a mvula. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi inali yanzeru kuposa malinga awo onse.

Chimene chinathyola mudziwo msana ndi chivomezi cha mu 1695. Patangopita zaka zochepa episkopi anasamutsira mpando wake kutsidya, ku tauni yoyandikana nawo ya Bagnoregio, akuluakulu a boma nawonso anapita, tchalitchi cha San Donato chinatsala cha parishi chabe. Anthu anayamba kuchoka banja ndi banja. Mu 1944 asilikali a Germany, pothawa, anaphulitsa mlatho umene unkalumikiza mudziwo ndi Bagnoregio. Umene mwauona pachithunzipo, wautali wowonda uja, ndi wa simenti, wa mu 1965, ndipo ndi wa mamita pafupifupi 300. Chapa siifika. Munthu umayenda wapansi, kukwera mpaka pachipata chimodzi chokha chimene chatsala, Porta Santa Maria. Okhalamo chaka chonse lero sakwana 20.

Pa mawu oti "ukufa" ndiye ndikutsutseni pang'ono. Eni ake a dziko amautchuladi choncho, koma dzina lomweli ndi limene lakhala nyambo. Kuyambira mu 2013 mlendo amalipira kuti awoloke mlatho, masiku ano ma euro 5, amene ndi oposa mametikali 300, ndipo alendo amabwera miyandamiyanda. Nyumba zambiri zasanduka malo odyera ndi ogona. Akatswiri amakhoma zitsulo m'thanthwe kuti lisang'ambike msanga. Kawiri pachaka, mu June ndi mu September, pabwalo la tchalitchi pamachitika mjaha wa abulu, kukumbukira nthawi imene katundu yense ankakwera pamsana pa bulu. Kodi mudzi umene masana mumadzaza anthu ojambula koma usiku mumagona anthu ochepa ndi amphaka tiutche wamoyo? Ine ndimakayika, komabe siunagwe.

Chithunzicho mwina chikuonetsa mudzi ngati ukuyandama m'mwamba. Si matsenga a kompyuta ayi. Ndi nkhungu ya m'mawa imene imadzaza chigwa, ngati imene imaphimba madambo a kwanuko mu June, phiri lokha n'kutsala poyera.